Mutu wa Ng'ombe M'dzenje

Chomaliza chimene mwana wanga Tamanda analawa pathupi langa ndi tsabola. Tikiti ya basi ya ku Joni ndinali nditadula kale, mwana akukakamirabe bere, ndiye achemwali anga a Esitere anati, "Paka kambuzi iwe, asiya lero lomwe." Ndinasinja kambuzi pamwala n'kupaka. Tamanda anabwera akudzandira monga amayendera ana ongoyamba kumene, anakwera pamiyendo panga, n'kuyamwa ndi mtima wonse. Asanalire anayamba wandiyang'ana kaye. Maso amenewo ndi amene ndinapita nawo ku Joni. A Esitere anamunyamula, kumupatsa madzi a shuga, iye n'kubisa nkhope pakhosi pawo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: mwana ameneyu adzadye chokoma cha m'manja mwanga, aiwale tsabola uja.

Za bambo ake musandifunse. Anachoka m'mawa wina kuti akukagula tcheni cha njinga pa Lunzu, mpaka lero akusankhabe tchenicho. Chaka chimenecho chimanga chathu chinauma chili chofika m'mawondo, monga chimachitira kwathu kuno ku Lirangwe mvula ikadula. Amayi miyendo inali itatupa, denga la udzu likudontha. A Esitere analibe mphatso ya mwana, ndiye anati, "Pita mng'ono wanga, mwanayu ndi wathu tonse." Ndinawathokoza nditagwada.

Kuipa kwa basi ya ku Joni n'koti imadutsa kwathu komwe. Umakakwera m'tauni, n'kubwereranso mumsewu umene wadzera: Lunzu, Lirangwe, Mdeka, kenako Zalewa n'kukhotera ku Mwanza. Titafika pa Lirangwe ndinaona kanjira kathu ndi mlambe wa pamphambano, ndipo mkaka unayamba kutuluka wokha mpaka bulauzi kunyowa. Mayi amene ndinakhala naye pampando, wa mpango wophimba mpaka m'khosi, anandiyang'ana pachifuwa, sanafunse zambiri. Anavula chitenje chake chapamwamba n'kundimanga nacho mabere mwamphamvu.

"Ine ndasiya awiri pa Mdeka," anatero. "Inu lirani mpaka pa Mdekapo, pamenepo ndilandire ine. Tikalira nthawi imodzi basiyi imira."

Ameneyo anali Asiyatu. Pa Mdeka analandiradi. Pofika ku Tete tinali tikudyera pepala limodzi la chinangwa, tikutchulana kuti iwe.

Joni tinangodutsa, tinakathera ku Kepitawuni kumene Asiyatu anali ndi msuweni. Tinachita lendi mkuku umodzi, kachisakasa ka malata kamene ukatambasula manja umagwira makoma onse. Ndinachapa zovala za eni, ndinakolopa m'nyumba za eni, ndinalera ana a eni, wanga ali kutali. Kenako Asiyatu anapeza ntchito yotsuka mbale pa malo ena odyera a anthu a ku Mekisiko, ndipo pasanapite nthawi anandikokera komweko.

Chakudya chimene ankagulitsa amati tako. Sekani, nafenso tinaseka mpaka misozi tsiku loyamba. Ndi kachapati ka chimanga kakang'ono ngati chikhato, kamene amati totiya. Pamwamba umaikapo nyama, anyezi wosaphika, timasamba ta daniya, kufinyira ndimu, n'kupinda. Basi. Koma anthu ankafola mpaka panja chifukwa cha kanthu kameneko.

Khitchini inali m'manja mwa a Lupe, azakhali a mwini malowo, mayi wamfupi wa mikono yojintcha ndi imvi zomangidwa kumbuyo. Chizungu chawo chinali chothyokathyoka ngati changa, ndiye tinkamvana bwino. Kuphunzitsa kwawo kunali kwa chipande: ukalakwitsa, phwa! padzanja. Tsiku loyamba ndinawaona akuthira laimu mumphika wa chimanga, laimu yemweyu wopaka nyumba ndi ziliza, ndinawagwira mkono poganiza kuti asokoneza ndi mchere. Chipande chinandipeza. Chimangacho chimawira pang'ono, chimagona m'madzi omwewo, m'mawa umachitsuka kangapo mpaka khungu lonse lichoke, n'kuchipera chili chonyowa. Ukatero chimagwirana ngati ufa wa tirigu, ndipo fungo lake silifanana ndi china chilichonse. Manja anga anang'ambika ming'alu ndi madzi a laimu amenewo, ndipo m'ming'alumo ndi mmene munkalowa tsabola.

Tsabola wa a Lupe sanali wongowawa ngati kambuzi. Anali wouma, wamitundumitundu, wina wakuda wokwinyika wonunkhira utsi, wina wofiira wautali wotsekemera chapatali. Tinkamuwamba pang'ono pachiwaya, kumunyika m'madzi otentha, n'kumupera pamodzi ndi adyo, viniga, mchere, timasamba tina touma tonunkhira ngati mpungabwi, ndi tinjere timene amwenye a ku Limbe amati jira. Nthawi yowamba khitchini yonse inkatsokomola.

Nyama tinagawana ine ndi Asiyatu, chifukwa iye nkhumba sakanaikhudza ngakhale bwana atalusa bwanji. Miphika ya nkhumba inali yanga: ina yophika m'mafuta ake omwe pang'onopang'ono ndi malalanje mpaka izingoyoyoka, ina yonyika mu tsabola wofiira n'kuisanjikiza pachitsulo choimirira pafupi ndi moto, chinanazi chili pamwamba. Iye anatenga za ng'ombe: lilime, masaya, nthumbwana zokazinga mpaka kuuma. Zimene kwathu timagula tikasowa, kumeneko mabwana a mataye ankanyambita nazo zala. Tikaweruka, Asiyatu ankaima pakhomo la mkuku ndi chidebe cha madzi. "Nkhumba sizilowa muno, samba kaye," ankatero. Ine ndinkamuyankha kuti nkhumba yomweyo ndi imene yalipira theka la lendi.

Masana ena apolisi ofufuza mapepala analowa mumsewu wathu. Masiku a m'mapasipoti athu anali atatha kalekale. A Lupe anatikankhira m'chipinda chozizira chosungira nyama n'kutseka. Munali nkhumba zopachika mbali zonse, ndipo Asiyatu anaima pakati atapinda manja kuti asakhudze. Ndinamukumbatira kuti thupi langa likhale pakati pa iye ndi nyamazo. Titatuluka zala zitachita dzanzi, anandiloza kumaso nati, "Ukadzanena ku Mdeka, ndidzakumeta." Ku Mdeka sindinanene.

Loweruka linali tsiku la dzenje. Kuseri kwa malo odyerawo kunali dzenje lofika m'chiuno. Mbandakucha tinkasonkhamo moto pamwamba pa miyala mpaka miyalayo kuyera. Pansi tinkaika mphika wa madzi ndi anyezi wolandira mafuta odontha, pamwamba pake mutu wa ng'ombe wathunthu wopakidwa tsabola uja, wokulungidwa m'masamba a nthochi. Kenako lata, chiguduli chonyowa, n'kufotsera dothi. Tsiku loyamba ine ndi Asiyatu tinabwerera m'mbuyo tonse. "Mayo ine, akuika maliro awa!" ndinatero. Koma madzulo atafukula, nyama ikuchoka yokha pafupa, ndinalawa tsaya. Chibadwire sindinadyepo chokoma ngati chimenecho.

A Lupe anati kwawo amakulunga ndi masamba onga a khonje, ndipo chakudyachi amachitcha babakowa. Anati sichiphikidwa wamba, chimaphikidwa mwana akabatizidwa, kapena munthu amene anapita kutali akabwerera kwawo. Iwo anali ndi mwana wamwamuna amene anawoloka malire kukafuna ntchito dziko lina, ndipo dzenje lake anali asanamukumbirebe. Ine pamenepo ndinadziuza kuti ndikadzabwerera, Tamanda ndidzamuphikira chimenechi. Loweruka lililonse ndinkafotsera dzenje, mpaka mantha a tsiku loyamba aja ndinawaiwaliratu.

Kumudzi ndinkatumiza zimene ndikanatha, mabulangete, mafuta ophikira, nsapato zimene ndinkangoganizira kukula kwa phazi. Nyumba ya njerwa zootcha inamangidwa ndi ndalama zanga pamalo a amayi, ya malata. Ndikaimba foni ya kanema, a Esitere ankaitana, "Tamanda, bwera upereke moni kwa anti a ku Joni." Ulendo woyamba ndinayesa nthabwala. Ndinati, "Achemwali, anti ndani?" Anati, "Aaa, mwana asasokonezeke mutu, ukadzabwera tidzamuuza bwinobwino." Tamanda ankasuzumira ndi diso limodzi kuseri kwa chitenje chawo n'kuthawa. Amayi atamwalira sindinabwere, chifukwa ndikanatuluka sindikanalowanso. Maliro awo ndinawalira ndikusenda adyo.

Asiyatu anafa ndi mbaula. Kuzizira kwa ku Kepitawuni kumabwera ndi mvula yamvumbi ndi mphepo yolowa m'mafupa, ndiye anthu amalowetsa makala m'mikuku n'kutseka mipata yonse ndi nsanza. Tsiku limenelo ine ndinagona kuntchito kuti ndilawirire kusonkha moto wa dzenje. Dzuwa linakwera Asiyatu osaoneka, foni osayankha. Masana ndinapita. Ndinamupeza atagona chammbali, bulangete mpaka m'makutu, ngati munthu wotopa basi. Asilamu sachedwetsa maliro, anamuika komweko, pamchenga wa eni. Ana ake awiri a pa Mdeka sanaone ngakhale nsalu imene anamukulungira. Ndinalira mnzanga, koma ndinene zoona, ndinaliranso ndi mantha. Ndinaona kuti nanenso ndikhoza kugona chimodzimodzi, Tamanda n'kutsala ndi tsabola yekha uja.

A Lupe sanandiletse. Anandimangira mpukutu wa tsabola wouma wa mitundu yonse nati, "Pita kwanu. Ukamukumbire mwana wako dzenje."

Ndinatsika pa Lirangwe ndi zikwama ziwiri, changa ndi cha Asiyatu. Kunyumba ndinapeza mtsikana wamtali, mano akutsogolo atamera kale achiwiri, akusesa pakhonde la nyumba ya malata ija. Anagwada chapatali nati, "Muli bwanji anti?" Mphuno ndi yanga, chipumi ndi changa, mpaka kaimidwe. Ndinamupatsa bisiketi, iye anapita nayo kwa a Esitere n'kufunsa, "Amayi, ndidye?" A Esitere anati za ku Joni zimatsegula m'mimba, n'kuiika pamwamba pa kabati.

Anandipatsa kachipinda kosungira makasu ndi matumba. Alamu anga, amuna awo a a Esitere, amene amagwira ntchito ya ulonda cha ku bwalo la ndege ku Chileka, ankandipatsa moni ngati mlendo woti achoka mawa. Ndikaphika ndiwo, a Esitere ankati zachuluka mafuta, mwana sazolowera, n'kumuphikira zake. Ndikamugawira mbatata, iwo ankaitenga m'mbale mwake n'kumupatsa ina ya m'manja mwawo. Ndinawafunsa kuti timuuza liti mwanayu. Anati, "Iwe unabereka, ine ndalera. Chikuku chitamugwira unali kuti?" Ndinalusa. Achemwali anga si munthu woipa. Anali ndi mantha kuti ndabwera kudzawalanda mwana yekhayo amene anawatchulapo kuti amayi.

Chikwama cha Asiyatu ndinakapereka ku Mdeka. Achimwene ake, Che Idrisa, amene amapha ng'ombe pamsika wa Lirangwe, anandifunsa mmene mlongo wawo ankakhalira, ndipo ndinawafotokozera za khitchini ndi za dzenje. Anapukuta maso nati, "Mukafuna mutu mudzanene, simudzalipira."

Ndinasankha Loweruka limene a Esitere ankapita ku msonkhano wa amayi a mpingo ku Chileka. Sikuti ndinkabisa, ndinkangofuna tsiku limodzi lopanda dzanja lawo pakati pa ine ndi mbale ya mwana, ndipo madzulo tikanadya tonse. Lachisanu ndinawiritsa chimanga. Laimu ndinatapa m'kathumba kamene kanatsala popaka chiliza cha amayi, kanali m'chipinda changa chomwe chija. Mayi wina woyandikana nafe, amene maso ake sagona, anasuzumira pampanda n'kufunsa chimene ndikuthira. Ndinamuuza zoona, ndikuseka, ndinati mawa mudzalawa.

Loweruka m'mawa ndinakumba dzenje kuseri kwa nyumba, pamene panali dothi lofewa ndipo mphepo siinkafika. Sindinaganizeko n'komwe kuti pamwamba pake pali zenera la chipinda chimene amagona Tamanda. Miyala ndinakatola kumtsinje. Mutu umene anandipatsa Che Idrisa ndinaupaka tsabola wa a Lupe mpaka kufiira psuu, kuukulunga m'masamba a nthochi, kumanga ndi khonje, kuutsitsira pamiyala yotentha, lata pamwamba, n'kufotsera. Tamanda ankaonerera ali pangodya ya nyumba, chala chili kukamwa.

Kenako ndinatsuka chimanga chija, kuchisinja mumtondo chili chonyowa mpaka kusalala, n'kukhala pansi pafupi ndi chiwaya. Totiya amaumbidwa ndi zikhato, phaphapha, ngati ukuwomba m'manja. Phokoso limenelo ndi limene linamukoka. Anasendera, anasenderanso, mpaka anakhala pamwala pafupi nane.

"Mukupanga chiyani anti?"

"Bweretsa manja ndikuonetse."

Anatambasula manja. Ndinawagwira, koyamba chichokereni. Katotiya kake kanatuluka kokhotakhota ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi, ndipo anaseka. Titakaika pachiwaya kanafufuma, iye n'kukuwa kuti kakupuma. Ndinawaza kamchere, kupakapo peyala, tsabola osaikamo ngakhale pang'ono, n'kupinda. Anayang'ana kunjira kumene a Esitere anadzera. Kenako analandira n'kuluma.

"N'zokoma, anti," anatero kukamwa kuli kodzaza. "Ndipatseninso."

Abale inu, ndinakondwa. Sindinakondwepo chotero, ngakhale tsiku limene ndinamubereka. Anadya mpaka mafuta a peyala kuyenderera m'chigongono. Ndinamuuza kuti izi n'zoyamba chabe, dzuwa likapendeka tifukula nyama imene sanailawepo.

Alamu anafika dzuwa lili pamutu. Ndinaona mayi wa pampanda uja akuwaimitsa panjira, akuwanong'oneza, akuloza ndi mlomo. Anagwetsa njinga, anazungulira kuseri, n'kupeza mtumbira wa dothi latsopano pansi pa zenera la mwana, kautsi kakutuluka m'mbali.

"Mlamu, mwakwirira chiyani apa?"

"Ndiwo, alamu. Musafukule, sizinapse."

"Ndiwo zimakwiriridwa?"

Anatenga khasu. Ndinawagwira malaya, anandikankha ndinagwa chagada. Pamene ankachotsa lata anthu anali atayamba kale kusonkhana, chifukwa kumudzi phokoso silisowa mboni. Anakoka mtolo uja ndi khasu, khonje linaduka, masamba anatseguka. Mutu wa ng'ombe unagubuduka padothi, wofiira ngati waviikidwa m'magazi, mano pamtunda, maso atayera, nthunzi ili tolotolo. Amayi ena anakuwa n'kuthawa. Wina anati, "Za ku Joni izi! Akufuna kukhwimira mwana!" Wina anati n'chifukwa chake sanabwere pamaliro a mayi ake. Winanso anafunsa kuti mnzake amene anapita naye uja anafa bwanji, popeza ankagona nyumba imodzi.

Mawu amenewo anandipsetsa mtima mpaka ndinasiya kuganiza. Ndinati, "Anthu inu, ichi n'chakudya! Mutuwu ndatenga kwa Che Idrisa pamsika, kafunseni! Kumene ndinali azungu amalipira ndalama kuti adye zimenezi!" Palibe anamva. Ndiye ndinagwada, ndinang'amba tsaya ndi zala, likutentha, lisanapse bwino, n'kutafuna pamaso pawo kuti aone kuti si mankhwala. Tsabola wofiira uja anandiyenderera pachibwano. Pamenepo ndi pamene ndinaona nkhope zawo, ndipo ndinakumbukira ine ndi Asiyatu tikubwerera m'mbuyo tsiku loyamba lija. Iwo ankaona mkazi atagwada pa dzenje lofukulidwa, akudya nyama yotuluka m'nthaka.

Wina anali atawaimbira kale a Esitere. Anafika pa kabaza wa njinga yamoto, bulauzi yoyera ya mpingo ili m'thupi. Mutuwo sanauyang'ane kawiri. Anapita molunjika kwa Tamanda, amene anali atakakamira pakhoma, n'kumugwira mapewa.

"Wadya kanthu?"

Tamanda anagwedeza mutu kuvomera.

"Wakupatsa ndani?"

Anakweza chala n'kundiloza. "Awa."

Mayi wa pampanda sanachedwe. "Chimanga chake anaphika ndi laimu wa kumanda, wa pachiliza cha mayi anu. Ndinaona ndi maso angawa, ndipo anavomera yekha."

A Esitere analira mokweza ngati pagwa maliro. Anathamangira m'nyumba, anatuluka ndi kapu ya madzi ofunda odzaza mchere. Ndinati, "Achemwali, chonde, ndi chimanga chabe, ine ndadya zaka zonsezi." Alamu ndi amuna ena anandigwira mikono. A Esitere anamupana mwanayo pakati pa miyendo yawo, kumutsina mphuno, kumumwetsa, kenako kumupisa chala kukhosi. Ankalira akuchita zimenezo, akuti, "Sanza mwanangu, sanza usafe." Tamanda asanasanze anatembenuza maso n'kundiyang'ana. Anali maso omwe aja a tsiku la kambuzi. Kenako zonse zimene ndinamudyetsa zinatuluka, zinagwera padothi pafupi ndi chiwaya, ndipo a Esitere anafotsera ndi phazi.

Dzuwa lisanalowe chikwama changa chinali panja pa mpanda. Nyumba ya malata ija sindinailimbire, ndinalibe mphamvu. Ndinamva kuti dzenjelo analipempherera n'kulithira mchere, ndipo Tamanda anamusamutsa chipinda. Mutu uja anauponya kutchire, agalu a m'mudzi anadya mpaka kukhuta. Palibe galu anafa, koma zimenezo palibe anaziwerengera. Che Idrisa anapita okha kukanena kuti mutuwo anapereka ndi iwo, koma anthu anawayankha kuti wogulitsa nyama sadziwa zimene wogula akachite nazo.

Kubwerera ku Kepitawuni ndinakuganizira, koma miyendo inakana. Ndinapeza kachipinda pa Lirangwe pomwepa, ndipo Che Idrisa anandilola kuika chiwaya pambali pa butchala yawo, m'mphepete mwa msewu. Dzenje sindinakumbenso. Ndimakazinga lilime, masaya ndi nthumbwana, ndimaumba totiya, laimu ndimagula wanga m'sitolo masana anthu akuona. Dzina lenileni la chakudyachi sungaliitanire pamsewu, ndiye ndimati chapati cha chimanga. Tsabola wa a Lupe anatha kalekale, pano ndimawamba wathu yemweyu n'kusakaniza ndi tomato wootcha. Amagula ndi madalaivala a mathiraki ndi anyamata a kabaza ochokera kutali. A kumudzi kwathu sagula, ndipo ena akamadutsa amalavula.

Tamanda amadutsa pano pochokera kusukulu, tsidya linalo la msewu. Anamulamula kuti asawoloke, asandiyankhe, ndipo akafika pa butchala azitseka mphuno ndi pakamwa, chifukwa amati zinazi zimalowera mu utsi. Amamvera, ndi mwana woleredwa bwino, pamenepo achemwali anga sindingawanyoze. Amayenda mofulumira dzanja lili kumaso, maso ali kutsogolo. Wayamba kutalika kundiposa.

Ine ndikamva belu la kusukulu ndimasiya kasitomala aliyense. Ndimaika totiya watsopano pachiwaya, ndimaponya adyo ndi jira pamafuta, n'kutenga katoni kukupiza utsi kuti uwoloke msewu. Che Idrisa amandiseka kuti ndikutha zokometsera podyetsa mphepo. Ndimawauza kuti asamale ng'ombe zawo. Palibe china chimene ndingamupatse mwana wanga choti wina osachichotsa m'mbale kapena kukhosi.

Dzana mphepo inkachokera kumbuyo kwanga. Tamanda anafika pa butchala dzanja lili pamphuno monga mwa masiku onse, anzake ali patsogolo. Atafika moyang'anana ndi chiwaya changa anaima, anawerama, n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato. Ndinaiona bwino nsapatoyo, inali yomanga kale. Anamasula, anamanga, anamasulanso, osandiyang'ana. Kumanga nsapato kumafuna manja awiri. Ine ndinangopitiriza kukupiza, misozi ikugwera pachiwaya, mpaka mnzake anamuitana ndipo anadzuka n'kubwezera dzanja pamphuno.